Brufen, masteroidi kapena dzanja la dokotala: n'chiyani chimaletsa m'mimba kumatirira pambuyo pa opareshoni?

Pakati pa anthu akwathu a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Epworth, madera a mu Harare ndi m'mbali mwake kuno ku Zimbabwe, pali malangizo amene amadikirira munthu pakhomo akamachokera kuchipatala atang'ambidwa pamimba. Amati gulani Brufen kapena diclofenac muzimwa mwezi wathunthu kuti m'kati musamatane. Ena amaonjezerapo prednisolone, wa gulu la masteroidi, ati ameneyo ndiye wamphamvu. Anthuwa sanangozitola pamsewu zimenezi ayi. Ganizo lake ndi lomveka, ndipo madokotala enieni akhala akuliyesa kwa zaka zambiri. Koma mukaika njira zonse pamodzi n'kuziyerekeza, mapilisi ndiwo amatsalira kumbuyo, ndipo nkhani yonse imathera mu fiyeta wodwala ali mtulo.

M'kati mwa mimba muli kachikopa kopyapyala, kosalala ndi konyowa, kamene kamakuta matumbo, chiberekero ndi khoma la mimba kuti ziwalo ziziterereka zikamakhudzana. Mpeni ukadutsapo, kapena nsalu yopukutira magazi ikakhula mwamphamvu, kapenanso malo akauma chifukwa chokhala pamtunda nthawi yaitali, kachikopako kamatupa n'kutulutsa madzi okhala ndi fibrin, chinthu chomwe chija chimaumitsa magazi pabala. Fibrin ndi wonanda ngati ulimbo, ndiye mbali ziwiri zovulala zikagundana zimagwirana. Thupi lili ndi njira yakeyake yomusungunulira m'masiku ochepa oyamba. Likalephera, makamaka pamalo pamene magazi sakufika bwino kapena pamene pali mafinya, m'menemo mumamera mnofu weniweni wokhala ndi timitsempha take, ndipo pakamatha sabata imodzi chipsera cha m'katicho chimakhala chitakhazikika. Sungani bwino nambala imeneyi: masiku 5 mpaka 7. Njira iliyonse tiyiyeza poona ngati imagwira ntchito m'masiku amenewa, pamalo penipeni pa bala.

Vutoli si la anthu owerengeka. Mu 1990 madokotala awiri a ku London, Donald Menzies ndi Harold Ellis, anapeza kuti mwa anthu amene anawang'ambanso pamimba kachiwiri, 93 mwa 100 alionse anali ndi malo omatirira. Ku Scotland analondola anthu 29,790 amene anachitidwa opareshoni ya m'mimba mu 1986, ndipo m'zaka 10 zotsatira pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anagonekedwanso ndi vuto lokhudzana kapena loganiziridwa kuti likukhudzana ndi zipserazi, kapena kudzachitidwa opareshoni ina imene zipserazo zikanaisokoneza. Musachite nazo mantha mopitirira, pakuti ambiri amakalamba nazo osadziwa n'komwe. Koma kwa ena kachingwe kamodzi kokha kamakola thumbo n'kulitseka, kwa amayi ena kamapinda machubu odutsa mazira mimba n'kumakanika, ndipo mayi amene akupita ku siza yachitatu ku chipatala cha amayi oyembekezera cha Mbuya Nehanda amamutengera dokotala nthawi yaitali kuti afike pa mwana chifukwa choyamba walekanitsa kaye chikhodzodzo ndi chiberekero.

Tiyambe ndi mankhwala a gulu la Brufen: ibuprofen (ndiye Brufen yemweyo), diclofenac, indomethacin, piroxicam, naproxen, celecoxib. Onsewa amatseka njira imene thupi limapangira ma prostaglandin, zinthu zimene zimakoleza kutupa ndi ululu. Popeza kumatirira kumayambira pa kutupa, n'zomveka kuganiza kuti ukazimitsa kutupako wathana nako. Pa akalulu ndi makoswe a m'malabotale zinaonekadi choncho kangapo konse, ndipo madokotala a ziweto amawapereka kwa mahatchi amene achitidwa opareshoni ya matumbo. Pa anthu m'pamene nkhani inakanika. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa dziko lonse n'kumupeta, linaunikanso nkhaniyi mu 2020 pa maopareshoni a amayi, ndipo silinapeze umboni wokwanira woti mankhwala akumwa kapena obaya amachepetsa kumatirira.

Zifukwa zake n'zosavuta kuziona. Kalulu wa mu labotale amalandira mankhwala opareshoni isanayambe, kapena amamuthira m'mimba momwemo, pa mlingo woyezedwa bwino. Munthu wathu amakayamba kumwa atatuluka m'chipatala tsiku lachinayi kapena lachisanu, fibrin atagwira kale, ndiye masabata atatu otsalawo akumwera chiyani? Chachiwiri, pilisi limayenda ndi magazi, pamene malo amene amamatirira kwambiri ndi omwe aja magazi sakufikako bwino chifukwa anamangidwa ndi ulusi kapena kuwotchedwa poletsa kukha magazi. Chachitatu, kutupa kumene tikufuna kuzimitsaku ndi komwenso kumalumikiza bala. Thupi silisiyanitsa kuti apa ndilumikize, apa ndisiye.

Phindu lake n'lokayikitsa, koma zoopsa zake n'zodziwika bwino lomwe. Mankhwalawa amaperesa khoma la chifu n'kuyambitsa zilonda za m'mimba, zimene nthawi zina zimayamba kukha magazi popanda chenjezo lililonse. Munthu amangoona chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu. Amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo munthu amene wangotaya magazi mu fiyeta, sakudya bwino, sakumwa madzi okwanira m'kutentha kwa mu Okutobala, impso zake zili kale pampanipani. Apa tiyang'ane m'kachikwama ka mankhwala ka m'nyumba zathu zambiri. Muli TLD, ma ARV amene anthu ochuluka akumwa masiku ano, ndipo tenofovir wa m'menemo amafuna impso zosamalidwa. Muli enalapril ndi HCT a BP, amene akakumana ndi diclofenac onse atatu pamodzi amatha kugwetsa impso m'masiku ochepa. Mayi amene anachitidwa siza chifukwa BP inakwera kwambiri ali woyembekezera nayenso ayenera kufunsa kaye asanamwe. Amene anamudula thumbo n'kulilumikiza ndiye asayerekeze n'komwe popanda chilolezo cha amene anamusoka: kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2012 anaonetsa kuti odwala amene analandira diclofenac pambuyo pa opareshoni ya thumbo lalikulu msoko wawo unkadontha kawirikawiri kuposa wa anzawo. Msoko wa thumbo ukadontha, zoipa zimathira m'mimba, mafinya amabwera, ndipo kumatirira kumene munkathawa kumadza kowirikiza.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi mapilisi a m'timapepala topanda dzina ogulitsidwa m'mbali mwa msewu ku Mbare ndi m'malo okwerera makombi. Munthu amagula Brufen ku famase, mlamu wake n'kumubweretsera "a mafupa" a pamsewu, osadziwa kuti ndi diclofenac kapena indomethacin, a banja limodzi lomwelo. Kumwa awiri a gulu limodzi kumachulukitsa zoopsa, ululu osachepa kwenikweni. Mankhwala ovomerezeka muno amalembetsedwa ku MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala muno mu Zimbabwe, ndipo wa ku famase yovomerezeka mukamuonetsa khadi lanu la kuchipatala amakuuzani ngati akugwirizana ndi ena amene mukumwa.

Sindikunena kuti Brufen ndi woipa. Pa ululu ndi wabwino kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mayi wa siza amapatsidwa ibuprofen pamodzi ndi paracetamol kwa masiku ochepa. Ibuprofen salowa kwambiri mu mkaka wa m'mawere, ndipo amachepetsa kufunika kwa mankhwala amphamvu opha ululu monga pethidine, morphine ndi tramadol amene amagonetsa matumbo. Ululu ukachepa munthu amadzuka msanga, amatsokomola bwino, amayenda. Imeneyo ndiyo ntchito yake. Imwani pa mlingo umene mwalemberedwa, mutadya, masiku amene mwauzidwa akatha n'kusiya.

Masteroidi, monga prednisolone, dexamethasone ndi hydrocortisone, amazimitsa kutupa mwamphamvu kuposa Brufen, ndipo kale madokotala ochita maopareshoni a machubu a amayi ankawathira m'mimba kapena kuwabaya ndi chiyembekezo chomwechi. Umboni woti zinathandiza sunapezeke, ndipo mchitidwewo unazilala. Mtengo wake pathupi ndi wokwera: bala limachedwa kupola, chitetezo cha m'thupi chimatsika, shuga amakwera, ndipo m'dziko limene TB ili paliponse ngati lino kumwa prednisolone mwachisawawa kungadzutse matenda amene anali atagona. Akamwedwa masabata angapo sasiyidwanso mwadzidzidzi. Musasokoneze zimenezi ndi jekeseni imodzi ya dexamethasone imene dokotala wogonetsa amapereka mu fiyeta. Imeneyo ndi yoletsa nseru ndi kusanza mukadzuka.

Pali malo ena m'thupi kumene mankhwala oletsa kutupa amachepetsadi zipsera, ndipo mwina n'kumene mphekesera ija inachokera. Chitsanzo chabwino ndi cha kuno kwathu. Mu 2014 panatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa IMPI, wotsogozedwa ndi Pulofesa Bongani Mayosi wa ku Cape Town, amene anachitika m'mayiko asanu ndi atatu a mu Africa kuphatikizapo Zimbabwe ndi Malawi, pa odwala 1,400 a TB ya kathumba kokuta mtima. Kathumbako kakapola ndi chipsera kamauma n'kuufinya mtima. Mwa amene analandira prednisolone, 4.4 pa 100 alionse ndiwo anafika pofinyika mtima, poyerekeza ndi 7.8 mwa amene sanalandire. Komabe imfa sizinachepe, ndipo khansa inachuluka mwa odwala amene anali ndi HIV. Ngakhale pamene mankhwalawa agwira ntchito, amabwera ndi ngongole yake, ndipo kumeneko kunali kutupa kwa matenda kotenga masabata, osati bala la mpeni. Indomethacin amaperekedwa kwa ena pambuyo pa opareshoni ya chiuno kuti fupa lisamere m'minofu. Chipsera chotukumuka cha pakhungu, chimene anthu akuda timakhala nacho kawirikawiri, amachibaya steroidi yotchedwa triamcinolone n'kuphwa. Koma chipsera cha kunja sichinena kanthu za m'kati: wina pamimba pamakhala posalala bwino m'kati muli zingwe zokhazokha, wina chipsera chotukumuka m'kati muli mbee.

Njira imene ili ndi umboni wooneka ndi yoika chotchinga pakati pa mbali zovulala kwa sabata imodzi yovuta ija. Seprafilm, amene anavomerezedwa ku America mu 1996, ndi kapepala koonekera, kouma, kosachedwa kuthetheka. Dokotala amayamba waumitsa magolovesi ake, chifukwa kakangokhudza chala chonyowa kamamata pomwepo n'kung'ambika. Akakayala pansi pa bala kamasanduka phalaphala, kamakhalapo masiku pafupifupi 7, kenaka thupi limakamwa lokha. Sakakulunga pa msoko watsopano wa thumbo chifukwa kamachititsa kuti msokowo udonthe. Interceed, wa mu 1989, ndi kansalu koluka kofewa kamene madokotala a amayi amayala pa chiberekero akachotsa zotupa, koma kamafuna pamalo pouma magazi. Kakangoda ndi magazi ntchito yake yatha. Palinso Adept, madzi a icodextrin okwana lita imodzi amene amasiyidwa m'mimba kuti ziwalo ziziyandama kwa masiku angapo, ndipo mayi amamva madzi akukhuthukakhuthuka akamatembenuka pabedi, mwina n'kutupako pang'ono kumaliseche mpaka madziwo atauma. Ena amapaka gel wa hyaluronic acid.

Zotchingazi zimachepetsadi kuchuluka kwa malo omatirira akayang'ananso m'mimba kachiwiri. Koma pa zimene mayi amafuna kwenikweni, kutenga mimba, kubereka mwana wamoyo ndi kutha kwa ululu, Cochrane yomweyo sinapeze umboni woti zimasintha kanthu. Ndi zodula, zimachokera kunja, zimalipiridwa ndi madola a ku America, ndipo si fiyeta iliyonse imene imazisunga. Amene muli pa medical aid funsani kalata yovomereza kulipira tsiku la opareshoni lisanafike. Maganizo anga ndi akuti kwa mayi wachitsikana amene akuchotsedwa zotupa za m'chiberekero ndipo akufunabe mwana, nkhani ya chotchinga ndi yofunika kukambirana mozama, popeza opareshoni imeneyi ndi imodzi mwa zomatiritsa kwambiri, makamaka akacheka kumbuyo kwa chiberekero kumene kuli machubu ndi mazira. Kwa mayi wa siza yoyamba yopanda zovuta, sindingagulitse katundu wa m'nyumba chifukwa cha kapepala kameneka.

Chimene chimaposa zonse sichigulitsidwa m'botolo. Ndi dzanja la dokotala: kugwira matumbo mofatsa, kuwanyowetsa nthawi zonse, kupukuta ndi nsalu zonyowa, kuletsa magazi onse asanatseke, kusawotcha minofu mopitirira, kusoka ndi ulusi wochepa ndi wopyapyala, kutsuka mafinya ndi zoipa zonse. Ngakhale ufa wa m'magolovesi umayambitsa kumatirira, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene America analetsera magolovesi aufa kuyambira mu Januwale 2017. Zimenezi zimachitika mu fiyeta ya m'zipatala za boma za Parirenyatwa, Gomo kapena Chitungwiza chimodzimodzi ndi ku chipatala cholipira cha ku Avenues, popanda kuonjezera ndalama. Wodwala nayenso ali ndi gawo lake, koma limabwera opareshoni isanachitike. Apendikisi yochotsedwa tsiku loyamba imasiya m'mimba mwaukhondo, pamene yophulika munthu atakhala masiku anayi akumwa mankhwala opha ululu kunyumba imasiya mafinya amene amamatitsa matumbo ngakhale dokotala akhale katswiri chotani. Matenda opatsirana pogonana osachizidwa msanga amamatitsa machubu a amayi mpeni usanadutsepo n'komwe.

Opareshoni ya kamera, yoboola timabowo m'malo mong'amba, ili ndi manambala abwino. Mu 2020 ofufuza anabwereranso ku zolembedwa za ku Scotland, pa anthu oposa 72,000, ndipo m'zaka 5 amene anagonekedwanso chifukwa cha kumatirira anali 1.7 pa 100 alionse mwa a kamera, ndi 4.3 mwa ong'ambidwa. Mu Harare imachitika, makamaka m'zipatala zolipira, ndipo pa ndulu, apendikisi, zotupa za m'mazira kapena mimba yokhala mu chubu ndi bwino kufunsa ngati ingatheke. Siitheka paliponse. Chiberekero chodzadza ndi zotupa mpaka pamchombo, kapena munthu amene akutaya magazi ambiri, amafunika kung'ambidwa basi, ndipo dokotala wozolowera kung'amba mwaluso amaposa amene akuphunzira kumene kamera.

M'kati mwa chiberekero namonso mumamatirira, kawirikawiri mayi akapalidwa ndi chitsulo chakuthwa atapita padera kapena atangobereka. Chizindikiro chake ndi msambo wochepa kwambiri kapena kusiyiratu pambuyo pa kupalako. Apa kusankha n'kosavuta: bungwe la WHO limalimbikitsa kuyamwa ndi kachubu ka pulasitiki kapena kupereka mapilisi a misoprostol m'malo mopala ndi chitsulo. Brufen alibe gawo pamenepa kupatula kuchepetsa kupweteka.

Nanga za kunyumba? Kuyenda msanga n'kwabwino, kumateteza magazi kuundana m'miyendo ndi chibayo, kumadzutsa matumbo, ndiye yendani ndithu, ngakhale palibe amene anatsimikiza kuti kumaletsa kumatirira. Kusisita pamimba, kuthowa ndi madzi otentha, zitsamba ndi makapisozi amene amatsatsidwa pa WhatsApp kuti amasungunula zipsera, palibe chimene chinaonetsedwa kuti chimafika m'kati.

Ndiye mphamvu zanu zithereni pa tsiku limene mukuonana ndi dokotala opareshoni isanachitike. Tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa mafunso ambiri, ndipo mu Chishona kapena Chingerezi cha m'chipatala munthu umangoti inde, inde. Pitani ndi mwana wanu kapena mchemwali wanu wolimba mtima. Mayi angathe kunena kuti, "Adokotala, pepani, ine ndinachitidwapo siza kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anandiuza kuti m'kati munali momatirira. Ndikufunabe mwana mmodzi. Kodi zotupazi n'zofunika kuchotsa panopa, kapena tingadikire? Nanga kamera ingatheke?" Onetsani mankhwala onse amene mukumwa, ma ARV ndi a BP omwe, musabise. Funsani kuti a ululu mumwe ati, kwa masiku angati. Potuluka pemphani kuti akulembereni zimene anapeza m'kati, ndipo pepalalo mulisunge pamodzi ndi chitupa chanu, chifukwa dokotala wina amene adzakuoneni ku Johannesburg kapena ku Lilongwe zaka khumi zikubwerazi adzalifuna asanagwire mpeni.

Zipsera zikakhazikika palibe pilisi lozisungunula. Kuzidula ndi opareshoni ina, imene imabala zipsera zatsopano ndipo nthawi zina imaboola thumbo mwangozi. Ku Netherlands mu 2003 anayesa pa anthu 100 a ululu wa m'mimba wokhalitsa: ena anawadula zipserazo, ena anangowayang'ana ndi kamera osadula kanthu, ndipo patatha chaka magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni pa ululu. N'chifukwa chake dokotala wabwino amazengereza kukung'ambaninso chifukwa cha ululu wokha.

Kumene safuna kuzengereza ndi thumbo likatsekeka, ndipo zimenezi zingachitike patatha mwezi kapena zaka 20. Ululu wake ndi wopotokola, wobwera n'kumapita, mimba imafufuma, munthu amasanza zobiriwira kapena zonunkha, ndipo chimbudzi ndi mpweya womwe zimaleka kutuluka. Pamenepo musamwe Brufen, musamwe mankhwala otsegula m'mimba, musadye kanthu. Pitani ku casualty usiku womwewo ndi pepala lanu la opareshoni. Kumeneko amaika dripu ndi kapaipi kodzera m'mphuno kopopa zimene zadzadza m'chifu, amajambula, ndipo ambiri thumbo limatseguka lokha popanda mpeni. Madokotala amatha kudikira mpaka maola 72 ngati wodwala akupeza bwino, koma ululu ukasanduka wosalekeza, thupi likatentha, mtima ukamathamanga ndipo pamimba pakauma gwa, ndiye kuti thumbo layamba kufa chifukwa chosowa magazi, ndipo amalowa naye mu fiyeta nthawi yomweyo.